A Khalanipansi ndi Sitandi Yawo ya Matabwa

Pakoleji pathu panali munthu mmodzi yekha amene ankapemphera kuti timu yathu isagoletse: kalipentala wathu, a Khalanipansi. Sikuti ankadana nafe ayi. Anali mantha basi.

Bwalo lathu la mpira poyamba linali tchire. Atangolisalaza, mkulu wa koleji anawaitana.

"Loweruka kukubwera alendo. Tikhomereni pokhala anthu, pongoyembekezera."

Anakhoma sitandi masiku anayi, ndi matabwa otsala pa denga la holo. Kuyembekezera kuja kunatha zaka makumi awiri.

Tsiku la mpira, ife tikuvala jezi, iwo ankalowa kunsi kwa sitandi, hamala m'thumba, n'kukumbatira mzati wakumbuyo. Chigoli chikangolowa, anthu mazana atatu ankadumphira pamodzi, misomali n'kumalira, kunsiko n'kumamveka kamawu konjenjemera: "Khalani pansi! Chonde, khalani pansi!" Dzinali linachokera pamenepo. Mpira sankauonera ndi maso, ankangoumvera pamutu.

Chaka chilichonse ankapita ku ofesi.

"Bwana, chiswe chatha mizati."

"Yagwa?"

"Ayi, bwana."

"Nanga vuto lili pati?"

Ine ndinkasewera kutsogolo, ndiye mdani wawo wamkulu ndinali ine.

"Mwanawe, lero ugoletsa zingati?"

"Zitatu, madala."

"Mayo ine! Chimodzi sichingakukwane? Komanso chikhale chosasangalatsa kwenikweni."

Pa masewero omaliza a chikho tinapatsidwa penate mpira uli pafupi kutha. Ndikuika mpira pansi, ndinaona nkhope yawo ikusuzumira pakati pa miyendo ya anthu, thukuta lili kamukamu, mutu akupukusa. Ndinagoletsabe. Bwalo lonse linapenga. Titawapeza, utuchi unali mbuu m'mutu monse, manja akukanika kusiya mzati.

"Mwana wanga wamkazi anali pa mzere wachitatu," anatero.

Ife tinaseka mpaka misozi, abale. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

A Khalanipansi anamwalira ophunzira ali pa tchuthi. Koleji inaganiza zomanga sitandi ya simenti, ndipo kunabwera anthu oti agumule yakaleyo. Ankati ndi ntchito ya masiku atatu. Asanatsitse n'komwe zida, kapitawo wawo anatsamira mzati wakumbuyo uja kuti amange chingwe cha nsapato. Tinangomva kuti phwaa! Sitandi yonse inagwera kutsogolo, mpaka fumbi kufika pagolo.

Palibe anaseka. Ndinatola thabwa limodzi, linangofumbutuka m'manja ngati buledi wouma. Ndinayamba kuwerenga zigoli zanga zonse za pabwalo limenelo, mpaka ndinakhala pa udzu.

Lero sitandi ndi ya simenti, ndipo kunsi kwake kuli zii, kulibe wotiopera. Ana akagoletsa, bwalo lonse limadumpha. Ine ndimaomba m'manja nditakhala.