Ndinathirira Apongozi Ngati Nazale

Galimoto ya alendo imafika ine ndikukhuthula kheni yomaliza ya madzi. Thukuta lili chuchuchu, mtima uli mbee. Ndikanadziwa, bwenzi nditangogona tsiku limenelo.

Ife tinabwera ku Santhe kuchokera ku Phalombe ngati matenanti a fodya. Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anatitsatira. Anamwalirira pa esiteti pomwepo. Tinawaika kumapeto kwa munda. Mtanda unali wamtengo. Chiswe chinadya, moto wolusa unamaliza. Mitengo imene tinkazindikirira malowo anaidula n'kumangira zigafa. Panatsala tchire. Chaka ndi chaka mkazi wanga, amake Esinati, ankati, "Ndingodziwa pamene agona, ndiikepo ngakhale mwala."

Chaka chatha panabwera mtsikana wa ku yunivesite ndi mnzake, kudzayeza dothi m'minda. Anali ndi makina onga wilibala, akuti rada. Ukamawakankha amatumiza mafunde pansi. Mafundewo amabwerera, chithunzi n'kuoneka pa kagalasi. Pamene panakumbidwapo dzenje pamaoneka. Amake Esinati atamva, anakamugwadira kuti awapezere manda a amayi awo. Mtsikanayo anavomera: Loweruka m'mawa, asananyamuke kubwerera kwawo.

Ine ndinaganiza za ulemu. Mlendo salandiridwa pafumbi. Ndiye unali Okutobala, fumbi la Kasungu mukulidziwa. Ndinalambula malo onse. Ndinasesa. Ndinawaza madzi pang'ono. Anauma ndisanatembenuke. Ndinawazanso. Kenako dzanja linakumbuka ntchito yake (pothirira nazale ya fodya palibe wondiposa, mufunse kapitawo aliyense). Ndinabwereka ngolo ndi migolo, ndinakatunga kudambo. Ndinathirira mzere ndi mzere mpaka katondo yense anakhuta.

Mtsikana uja potsika, nsapato zinatitimira.

"Kwagwa mvula kuno kokha?"

"Ayi. Ndi ine."

"Malo onsewa, bambo?"

"Onse." (Ndinayankha ngati munthu woti alandira mphoto.)

Mnzake anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Mtsikanayo sanaseke. Anakankha makina, kupita uko, kubwerera. Kenako anandiitana kuti ndione kagalasi. Munali mbuu, ngati chifunga cha m'dambo.

"Madzi akalowa m'dothi la katondo amameza mafunde," anatero. "Sabwerera. Makinawa achita khungu. Timafuna dothi louma."

"Fumbi lija?"

"Lomwe lija."

"Tidikire paume."

"Mwathirira bwino kwambiri, bambo. Pansipa sipauma lero, ngakhale mawa."

Aka kanali koyamba munthu wa ku yunivesite kuyamikira ntchito yanga. Sikunandikomere.

Anati mwina adzabweranso chilimwe china, ntchito ikadzalola. Sanalonjeze. (Akadzabwera, ngakhale tsache sindidzagwira. Amake Esinati akuti makheni adzabisa okha, sakundikhulupirira.)

Ndinayang'ana zala zakumapazi. Ndinadikira mawu. Amake Esinati pakamwa mpakuthwa. Ndikangoswa chikho, mzere wonse wa nyumba umamva. Tsikulo anavala chitenje chatsopano. Mwala wawo anaupaka laimu, anausenza pamutu kuchokera kunyumba, osalola kuti ndiwalandire.

Anautula. Anagwada, chitenje chija m'matope. Anaika chikhatho pansi, n'kukhala choncho kanthawi. Alendo aja anasiya kumanga makina awo.

"Pazizira bwino," anatero amake Esinati.

Kenako anaseka, misozi ikuyenderera.

"Bambo a Esinati, amayi ali moyo munkathawana. Mukakumana panjira, mkamwini kutchire uku, apongozi kutchire uko. Ngakhale chikho cha madzi simunawapatsepo pamanja. Lero mwawapatsa migolo."

"Sitikudziwa pamene ali."

"Mwasiya pouma pena?"

"Ayi."

"Ndiye amwa."

Ananyamula mwala uja, anayenda mpaka pakati, nauika. Anautsendera ndi manja awiri. Dothi linali lofewa, unakhala bwino. Anatembenuka kundiyang'ana, matope ali m'mawondo.

"Pano pakhala bwanji?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinatola makheni anga, ulendo wa kunyumba.