Kompyuta ya Ahedi ndi Transifa Yanga

Lolemba

Kompyuta ili pano kuyambira mwezi watha. Anatumiza ndi anthu akufuna kwabwino a kunja, kudzera ku parishi. Mulungu awadalitse. Anangoiwala kufunsa kanthu kamodzi kakang'ono, kakuti kodi kuno ku Chipangali magetsi tili nawo. Tilibe. Ngakhale mtengo wa magetsi womwe sitinauonepo.

Ikukhala mu ofesi ya ahedi, a Tembo. Aifunditsa kansalu koluka ka akazi awo, pamwamba maluwa apulasitiki. Wolowa avule nsapato. Ineyo amene ndinapita ku maphunziro a kompyuta ku Chipata ndikulowa ndi masokosi anga obooka, ndipo kuigwira mpaka nditaonetsa kuti m'manja ndasamba.

Za maphunzirowo: sabata yonse magetsi anali atazima, moti tinaphunzira pa bolodi ndi choko. Koma satifiketi ndili nayo, ya chidindo.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Lachisanu kukubwera insipekita wa masukulu, mayi Sakala, kudzaona mmene tikuigwiritsira ntchito. Mwayi wanga ndi umenewu. Transifa yopita ku Chipata ndapempha mpaka akalaliki a ku ofesi akandiona amayamba kusakasaka m'madilowa. Amake Dalitso ali ku Kapata, ku Chipata komweko, akugulitsa tomato pamsika, ine kuno kudziphikira ndekha. Holide yapitayi Dalitso anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa amake, "Alendowa apita liti?" Mwana wanga weniweni. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Pulani:
- kupeza magetsi, kaya kuti
- kuphunzitsa a Giledi 7 malo a zilembo
- kudabwitsa mayi Sakala
- mayi Sakala anene okha kuti munthu wotere akungowonongeka kumudzi
- kumanga katundu

Lachiwiri

Ahedi akana kuti ana ayandikire makina. "Manja okumba mtedza amenewo? Ayi." Chabwino. Ndapempha makatoni a sopo ku golosale, ndawadula, ndajambulapo mabatani onse a zilembo monga momwe alili pa kompyutapo. Mwana aliyense katoni yake.

Kalasi yonse gu gu gu ndi zala. Chitukuko chafika pa Chipangali. Pa wailesi akuti pofika chaka cha 2000 munthu wosadziwa kompyuta sadzalembedwa ntchito. Ana anga akonzeka. Ofesi iliyonse yokhala ndi makatoni a sopo idzachita kuwalimbirana.

Zilembo sakuzisunga m'mutu, ndiye ndaziika mu nyimbo. Mzere woyamba, Q W E R T Y, ukukwana bwinobwino mu chitelele. Atsikana akuwomba m'manja, anyamata akuvomera ndi mabesi.

Ahedi asuzumira pawindo, ayang'ana katoni ya mwana wina. "Aphunzitsi, A B C munaiwala? Q angatsogole bwanji?" Ndawauza kuti ndi momwe zilili pa makinapo. Apita kukadzionera okha, abwera akupukusa mutu. "Azungu atipatsa yosokonezeka." Ndavomera ndi mutu. Munthu wofuna siginecha ya ahedi pa pepala la transifa sayankha.

Lachitatu

Mbuzi za akatekisiti zagona m'kalasi mwanga. Chitseko chake chija chomwe timatsekera ndi mwala. Zadya makatoni a mzere wonse wa kutsogolo. Kaya ndi fungo la sopo, kaya ndi njala ya maphunziro. Ana ena tsopano ali ndi kompyuta yoyambira pa T, ena atatu pa imodzi.

Magetsi. A Lungu, amene amaonetsa mavidiyo a karate pa golosale, ali ndi jenereta. Ndayenda wapansi kukawagwadira. Andisiya nditaima padzuwa pamene iwo akupukuta makaseti. Zofuna zawo:
- petulo wathu
- kalasi yanga ndi mabenchi ake Loweruka, aonetseremo vidiyo
- pamaso pa insipekita atchulidwe kuti injiniya

Ndavomera zonse. Akanati ndivine kaye, ndikanavina.

Ahedi akuti sukulu ilibe thumba la petulo. La maluwa apulasitiki linalipo. Ndagulitsa tambala amene ndimasungira Dalitso kuti adzadye pa holide, mwina akadya n'kudziwa kuti alendowa ndi atate ake.

Lachinayi

Tsiku loyesera. Jenereta yafika pa ngolo, m'mbuyo mwake mudzi wonse. Wina wafalitsa zoti kusukulu kuli filimu yaulere. Ahedi aima pakhomo la ofesi kuonetsetsa kuti aliyense wavula. Mulu wa nsapato ngati pa salaula, pamsika wa zovala zakale.

A Lungu akoka chingwe. Utsi, chiphokoso, agalu liwiro. Ndadina batani, batani lenileni loyamba m'moyo wanga. Yayaka! Yayakadi!

Ndalemba dzina la sukulu ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse kuchisaka. Latuluka pagalasi, looneka bwino, lowongoka kuposa momwe ndimalembera pa bolodi. Misozi inatsala pang'ono. M'maso mwanga ndaona kale khonde la ku Kapata.

Anthu akudikira kuti ndewu ya karate iyambe pagalasipo. Mayi wina kumbuyo: "Basi? Tomwe amalemba ana ndi choko?" Abalalika akung'ung'udza. Ena atuluka ndi nsapato zabwinoko kuposa zomwe anabwera nazo.

A Lungu, poopa kuti mbiri ya jenereta yawo iipa, alumikiza wailesi ya kaseti pabwalo. Rumba mpaka dzuwa kupendeka. Ndapita kukawanong'oneza za petulo, andiyankha ndi chiuno. Tambala wa Dalitso akuvinidwa ndikuona.

Poweruka ahedi andigwira paphewa. "Mumachedwa kupeza zilembo, koma vuto si lanu. Zisiyeni kwa ine." Sindikudziwa chifukwa chake mawu amenewa akundisowetsa mtendere.

Lachisanu

Tsopano ndikudziwa.

M'mawa ndavundukula kansalu. Ahedi, ndi kampeni kawo kosongolera mapensulo, azula mabatani onse n'kuwabwezera mwadongosolo, A B C D mpaka Z. Aima pambali mu suti yawo ya paukwati, akumwetulira. "Ndekha, popanda satifiketi." Mabatani asamuka, koma zam'kati mwake zili pomwepo. Ndikuti nditsegule pakamwa, galimoto ili kale pabwalo.

Mayi Sakala avula nsapato mosadandaula. Amvetsera ahedi akulankhula za dziko latsopano limene sukulu yathu ikutsogolera. Injiniya Lungu atchulidwa, awerama, akoka chingwe. Yayaka. Mayi akhala pampando okha, akuti alembe dzina lawo. Pagalasi: LQAQSQ. Ayesanso, pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno. LQAQSQ. Ayang'ana mabatani, ayang'ana ahedi.

"Wachita izi ndani?"

Ahedi, chifuwa patsogolo: "Ndine, madamu. Inabwera yosokonezeka, taikonza."

Ine ndayang'ana maluwa apulasitiki. Pomwepo jenereta yatsokomola n'kuthima. Petulo anathera pa rumba.

Pofuna kupulumutsa tsiku, ndawatengera m'kalasi. Makatoni pamiyendo, olumidwa ndi mbuzi omwe. Ndayambitsa nyimbo. Ana aimba ngati sanaimbepo, zala gu gu gu, wophonya palibe, ngakhale aja atatu pa katoni imodzi. Mayi Sakala ayamba kuwomba nawo m'manja, nkhope yawala. Mumtima ndati basi, zatheka, amake Dalitso yambani kusesa.

Mawu awo ndawasunga onse. "Makinawa kuno afa. Mawa nditumiza galimoto, apite kusukulu ya ku Kapata komwe kuli magetsi." Ine khutu tcheru, kudikira dzina langa. Lafikadi. "Koma inu aphunzitsi, ndinu mphatso ya kumudzi. Ophunzitsa kompyuta pali magetsi tili nawo m'tauni. Wophunzitsa popanda magetsi, popanda kompyuta, ndinu nokha. Kukuchotsani kuno n'kuwalakwira anawa."

Ahedi awomba m'manja. Ana awomba. Inenso ndawomba, nanga ndikanatani.

Loweruka

Galimoto yabwera. Kompyuta yakhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, aimanga ndi lamba. Msewu ndi wa mabampu, ndiye ahedi alamula kuti lipezeke bulangeti loikulungira. Nyumba yapafupi ndi ofesi ndi yanga. Bulangeti ndili nalo limodzi. Juni uno.

Ndapempha lifiti kuti ndikaone banja. Dalaivala: "Malo kulibe, aphunzitsi." Zoonadi. Kumbuyo matumba a mtedza amene makolo apatsa madamu, nkhuku, maungu, mitolo ya nzimbe. Chilichonse cha pa Chipangali chikupita ku Chipata lero, mpaka chofunda changa.

Ndafunsa kuti sukulu yake ndi iti kwenikweni. Ndi ija ya kuseri kwa msika, imene amake Dalitso amamva belu lake akusanja tomato. Kompyutayi sinalembepo pempho la transifa. Sinaimepo pa mzere ku ofesi, sinasekererepo nthabwala za ahedi. Mwezi umodzi kumudzi, basi, boma laimvera chisoni.

Masana vidiyo ya a Lungu m'kalasi mwanga, monga mwa pangano. Makatoni otsala anthu akhalira. Benchi lathyoka pa ndewu yomaliza. Injiniya akuti linali lakale.

Mu ofesi kansalu koluka tsopano kafunditsa taipulaita yakale, maluwa pamwamba. Nsapato tizivulabe. Ahedi akuti ulemu tinazolowera tisautaye.

Lamulungu

Ndagona m'jekete, katani ya pawindo kumiyendo.

Kutchalitchi akatekisiti alengeza kuti sukulu yathu yatamandidwa ndi akuluakulu, ndipo aphunzitsi athu okondedwa sakuchoka. Mpingo wonse nthungululu. Amayi achita kufola kudzandigwira chanza. Za mbuzi zawo akatekisiti sanatchule.

Ahedi andipatsira uthenga umene dalaivala anasiya dzulo. Madamu akufuna ndiyendere masukulu ena a kumidzi, ndikaphunzitse aphunzitsi anzanga njira ya makatoni. Panjinga. Pa holide, kuti ana a kuno asataye maphunziro.

Dalitso ayamba Giledi 1 mu Januwale, pasukulu yomwe ija. Kompyuta aziiona tsiku lililonse. Ngati bulangeti sadzalichotsa, mwina adzalizindikira fungo, n'kuuza anzake kuti ndi la alendo aja ankabwera kwathu.

Mawa ku golosale. Ndikafunse ngati sopo wina wabwera.