Laputopu Yanga M'chipinda cha Apongozi

Mukadzamva anthu a ku Nsaru akukamba za mkamwini amene anagwa pa mtondo kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, musavutike kufunsa dzina. Ndine. Kungoti nkhaniyi anthu amaiyambira pakati, ndiye lero ndiiyambe kumutu.

Ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, make Tadala. Mbiri yanga ya khasu pamudzipo si yonyaditsa. Mzere umene ndinaunga chaka chatha unakhota mpaka unakalowa m'munda wa eni (ndikunena zoona, anakololanso ndi iwowo). Malume ake a mkazi wanga anali atayamba kundikumbutsa kuti njira yobwerera kwathu sinamere udzu. Choncho kalabu yathu ya alimi a mtedza itafuna posungira nzeru za ulimi, ndinaona kuti mpata wokonzera dzina langa ndi umenewu. Ndinaimirira n'kulonjeza kuti ndiwaikira wiki.

"Wiki ndiye chiyaninso, bambo a Tadala?" anafunsa a tcheyamani.

"Ndi masamba a pa foni oti aliyense atha kulembapo, komanso kukonza zimene mnzake walakwitsa."

"Ngati msonkhano womwe uno, eti?"

"Eya, koma wopanda kukuwa."

Nzeru yanga inali yoti pulogalamu ya wikiyo ikhale m'laputopu yanga yakale, kabokosi ka wayifayi kaziimwaza pabwalo, anthu azilowa ndi mafoni popanda kugula bandulo. Kuika kwake kunali ndi zake. Detabesi, imene ili ngati nkhokwe yosungiramo zolembedwa zonse, inakana pasiwedi imene ndinaipatsa ndekha ndi zala zanga. Nditakonza zimenezo, wiki inatsegula tsamba loyera mbee, lopanda ngakhale mwano. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kuti pulogalamu ina yoiyendetsa inali yokalamba. Kenako zithunzi zinakana kulowa chifukwa foda yake, kathumba kosungiramo zithunzizo, inalibe chilolezo. Zonsezi zinkandisangalatsa. Ine chinthu chikakana sindikwiya, ndimangofuna kudziwa chifukwa chake, ndipo matenda amenewa ndi amene anandipweteka.

Vuto linatsala la moto. Laputopuyo inkafunika kukhala choyaka tsiku lonse, koma batire la sola lamphamvu pamudzipo ndi la apongozi anga aakazi, aNabanda, ndipo amalisunga kuchipinda kwawo poopa akuba. Inu mukudziwa kuti mkamwini safika kumeneko. Ine ndi apongozi timapatsana moni nditanjuta kuseri kwa nkhokwe, iwo akuyang'ana mbuzi. Ndiye make Tadala ndi amene anainyamula n'kukaitsegula patebulo m'chipindamo.

Wiki inayenda, ndipo a tcheyamani analembamo nkhani yaitali ya kaumitsidwe ka mtedza kuti usagwidwe chuku. Kenako masana ena inangofa. Pa foni wayifayi ilipo, koma tsamba losatseguka.

"Make Tadala, takaonani chachitika n'chiyani."

Analowa, ine nditaima pataliko. "Ikuyaka bwinobwino!" anakuwa.

"Yalemba chiyani?"

"Chizungu."

Kuyang'ana pa foni, wiki yadzuka. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ikafa, akalowa make Tadala, yadzuka. Ndinafika poganiza kuti makinawo amawaopa mkazi wanga (sindikanawanena, tilipo ambiri). Ndinasintha chingwe. Ndinakayikira dzuwa. Ndinaiitanitsa laputopuyo n'kuikamo pulogalamu yonse kachiwiri, ndipo potero nkhani ya a tcheyamani inafufutika yonse. Iwo anasiya kundiyankha moni, malume n'kuyamba kufunsa mokweza mtengo wa kabaza wopita kwathu.

Chinthu chimodzi ndinachiona: wiki inkafa apongozi akangobwera kudimba. Mwina amazula chingwe kuti aike wailesi? Koma laputopu ili ndi batire lakelake. Nanga n'chiyani? Funso limeneli linkandiyabwa ngati chitedze. Kuwafunsa sindikanatha. Ndinangofuna kuona ndi maso anga mmene chinthucho chimafera, basi.

Ndiye masana ena ndinagubuduza mtondo mpaka kuseri kwa nyumba, n'kuuzondotsa pansi pa kawindo, n'kukwerapo. Ndikulumbira, maso anga anali pa tebulo pokha. Laputopu inali yotsegula, ikuyaka mwaulemu. Chitseko chinatseguka, apongozi analowa ndi matope a kudimba m'miyendo. Asanachite china chilichonse anayenda cham'mbali, nkhope atayang'anitsa kukhoma, n'kufika pa tebulo, n'kutseka laputopu ija kuti phaa, n'kuifunditsa nsalu. Laputopu ukaitseka imagona, ndipo ikagona wiki imagona nayo. Make Tadala ankaipeza yotseka n'kuitsegula, osaona chachilendo choti andiuze.

Chimwemwe chinandipitirira. "Ooo! Kani ndi zimenezi!" ndinatero mokweza.

Apongozi anatembenuka. Chiyambire ukwati wanga, aka kanali koyamba kuti tiyang'anane m'maso. Iwo anakuwa, mtondo unagubuduka, ine ndinagwera pa chikwere cha nkhuku. Nkhuku imodzi inasiya kuikira mpaka lero, mutha kukaifunsa.

Nkhani inakambidwa pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe anga atachita kuitanidwa kuchokera ku Kabudula. Malume sanazungulire.

"Kodi bambo, pawindo la apongozi anu munkakolola chiyani?"

"Ndinkafufuza vuto la wiki, malume."

"Wiki ameneyu ndi wa mudzi uti?"

A tcheyamani anayesa kufotokoza, koma atafika pa nkhani yawo yofufutika anasintha mbali n'kukhala mboni yondineneza. Ankhoswe anga ankangoyang'ana nsapato zawo. Ine m'mutima ndinali nditayamba kale kupinda bulangete langa.

Pamenepo apongozi, atakhala chofulatira, analankhula kudzera mwa mwana wawo. "Uwauze amuna akowo kuti chinthu chawocho chili ndi kadiso pamwamba. Ine ndingasinthe zovala diso la mkamwini likundiyang'ana? Ndinkachitseka powalemekeza iwo omwewo. Ndiye ndatseka diso limodzi, iwo abweretsa awiri pawindo."

Anthu anaseka mpaka malume anatsamwa. Kusekako n'kumene kunandipulumutsa, chifukwa munthu sangakuthamangitse akupukuta misozi. Anagamula kuti ndipereke tambala, ndimange chikwere china, ndiponso ndiwaungire apongozi mizere ya kudimba. Apongozi anapempha kuti chilango chomalizacho chichotsedwe, poti dimbalo akulifunabe.

Kukonza vuto lenilenilo kunali kungoiuza laputopu kuti isamagone ikatsekedwa. Tsopano imakhala chitsekere, yofunda nsalu, ndipo wiki ikuyenda usana wonse. A tcheyamani analembanso nkhani yawo, ndipo m'munsi mwake anawonjezera chenjezo lonena za ine. Ndingathe kulifufuta, koma aliyense angathenso kulibwezera.

Ndinaphunzirapo kuti chinthu chikavuta uziyamba wafunsa amene amakhala nacho, ngakhale kudzera mwa mkazi wako. Dzulo make Tadala anabwera ndi uthenga wochokera kuchipinda kuja. Apongozi akuti za diso anamva, koma akufuna kudziwa ngati chinthucho chili ndi makutu.

Chili nawo. Sindinayankhebe.