Mabawuti a Malemu Yomaliza

A Yomaliza, makaniko wa kuseri kwa msika, sanagulitsepo bawuti osalumbira kuti ndi yomaliza padziko lonse lapansi. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale.

Kasitomala wawo wa pamtima anali a Chiphapha, mwini takisi yokalamba kuposa ana ake onse. Mabawuti ogwira mashoko ndi masipuling'i a galimoto yotereyi m'masitolo munalibe. Ikathyoka imodzi, a Chiphapha ankathamangira kwa mkuluyo.

"Achimwene, yapitanso ya kumbuyo."

A Yomaliza ankainunkhiza bawutiyo, n'kupukusa mutu ngati alandira uthenga wa maliro.

"Iyi fakitale yake inapsa. Ankazipangayo anamwalira, mwana wakenso anatsatira."

"Ndiye nditani ine?"

"Siyani galimoto. Ndikagwade kwa mnzanga wa kunja."

Ankalowa m'kashedi kawo n'kudzitsekera, ngakhale akazi awo samaponda m'menemo. M'mawa mwake galimoto ili njo, bawuti ikunyezimira.

"Ndi yomalizatu iyi. Mukagwera nayo m'dzenje, musandidziwe."

Zaka makumi awiri zinatha choncho, ndipo mabawuti omalizawo akanadzaza ndowa. Tsiku lina a Chiphapha anangotchula kuti kwatsegulidwa sitolo yatsopano ya zipangizo. A Yomaliza sanawayankhe moni sabata yathunthu, mpaka a Chiphapha, munthu wamkulu, anapita kukapepesa.

Mkuluyo atamwalira, a Chiphapha ananyamula nawo bokosi, analira kuposa achibale. Patangotha mwezi, shoko ya kutsogolo inayamba kugogoda. Anafunsa uku ndi uku, mpaka anaitanitsa kutali mabawuti enieni a mtundu wa galimoto yawo. Makaniko wina anayesa yoyamba, inakana. Yachiwiri inakananso.

"Bambo, mazinga omangira bawuti a m'mabowomu si a fakitale iliyonse. Wina anadula akeake, pansi ponsepa."

A Chiphapha anapita kwa mayi wamasiye. Mayiwo anatsegula kashedi kaja. Munalibe katundu wa kunja, koma makina akale osulira zitsulo basi.

"Nanga mnzawo wa kunja uja?"

"Kunja kwake kuti? Achimwene anuwo ankasula okha. Ankati mukapeza kwina, musiya kubwera kudzacheza."

"Chabwino. Zitsulo zodulira mazingazo zili kuti?"

"Anati tiwaike nazo m'bokosi. Si munadandaula nokha kuti likulemera?"

Zinawapweteka a Chiphapha, osati pang'ono. Munthu amene ankamutcha mbale anawamangirira ngati mbuzi pachikhomo, kenako n'kuchoka ndi chingwe chomwe.

Lero takisi ija ili pamiyala, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. M'mawa uliwonse a Chiphapha amadutsa wapansi kuseri kwa msika, mawu owalalatira a Yomaliza atawakonza bwinobwino. Amaima pakhomo pa kashediko, pali zii, n'kumeza mawu awo chifukwa wowayankha palibe.