Ukwati wa Talandira Ndinaugawa Patatu

Inu, minibasi iyi sinyamuka msanga, kondakitala akadakuwabe, ndiye tamverani ndikuuzeni mmene ine Obadiya, wojambula maukwati pano pa Mponela, ndinapezera kampani yondisungira mavidiyo pa intaneti. Achinyamata amati kilaudi.

Laputopu yanga inali itadzaza. Maukwati onse kuyambira Dowa mpaka Ntchisi anali mmenemo, moti ikamayaka inkalira ngati chigayo. Mkazi wanga Debora anati, "Bambo, pezani kampani imodzi, muzilipira pamwezi, nkhani ithe."

Imodzi? Ine? Nditangofunsa pa gulu la amalonda pafoni, makampani atatu anandigwera. Woyamba anali bambo wa taye wochokera ku Lilongwe, akuti makompyuta awo ali kunja ndipo amasungira mabanki. Anandiitana kuti "bwana dairekita." Ine amene ofesi yanga ndi benchi ndi nsalu ya maluwa kukhoma! Wachiwiri anali mtsikana wolankhula mofatsa, anandigulira tchipisi cha pachiwaya. Wachitatu, Bonifasi, wa kakampani kakang'ono, anabwera pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze, osandigulira ngakhale chigumu. Onse anati mwezi woyamba ndi waulere, ndiyese kaye.

Abale anga, kufunsiridwa kumakoma! Ndinamvetsa chifukwa chake atsikana ena amati "ndiganize kaye" mpaka chaka kutha. Nanenso ndinati ndiganize kaye, kenaka ndinalembetsa kwa onse atatu.

"Mitala imeneyo," anatero Debora. "Inu mkulu wa mpingo?"

"Si mitala, ndi bizinesi. Makampani akuluakulu amatero."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Nanga atatu?"

"Akakhala atatu mvula imasokonezeka, mayi."

Ndiye kunabwera ukwati wa Talandira, mwana wa a Festus, mkulu wa mpingo mnzanga wa ku Chisepo. Sabata yomweyo mayi a mkwatibwi, a Faines, anadwala kwambiri nagonekedwa m'chipatala cha ku Mtengowanthenga. Tangoganizani, mwana mmodzi yekha wamkazi, iwo osaona ukwati wake. A Festus anandigwira dzanja nati, "A Obadiya, jambulani zonse. Mayi akatuluka adzamuone mwana wawo atavala velo."

Ndinajambula zonse ndithu. Kenaka, mwa nzeru zanga zija, ndinaugawa patatu. Za kutchalitchi ndinaika kwa wa taye, pakuti malumbiro ndi zinthu zolemekezeka. Zithunzi ndi kudula keke, kwa mtsikana wa tchipisi. Phwando la kuholo, phokoso ndi fumbi lokhalokha, ndinataya kwa Bonifasi. Mu laputopu ndinafufutamo kuti mulowe maukwati ena.

A Faines anachedwa kuchira. Atatuluka, ine ndi Debora pa njinga yathu yamoto, ulendo wa ku Chisepo. Tinapeza anthu atadzaza pakhonde, a Faines ali pamphasa atatsamira pilo, owonda koma maso ali gwa. Foni tinaimangirira kunsonga ya nsungwi kuti igwire netiweki, izipatsira laputopu. Ndikukonza zimenezi, a Festus anali kuwauza akazi awo ndi mawu a pamaliro kuti, "Tsiku limenelo, mayi, ine chakudya sichinalowe. Ndinangokhala pampando kuganiza za inu."

Ndinayamba ndi za kutchalitchi. Kotseka! Ndinaimbira wa taye pa foni ya Debora.

"Ndani? Aa, ojambula aja. Mwezi waulere unatha, bambo. Lipirani ndi khadi la kubanki, tikutsegulirani."

Mwamva? Udairekita unathera pomwepo, tsopano ndine "ojambula aja." Ndipo khadi! Ine khadi lomwe ndimayenda nalo ndi la umembala wa mpingo.

"Tiyambe ndi keke," ndinatero, ndikuseka ndekha. Kumeneko anati nambala yachinsinsi aitumiza ku simu imene ndinalembetsera. Simu imeneyo, inu, ndinangoigulira zaulerezo, ndipo inapita ndi buluku limene Debora anachapa. Ndinaimbira mtsikana uja. Akuti anasiya ntchito, pano akugulitsa inshulansi.

"Mwana wanga ali kuti, a Obadiya?" anafunsa a Faines motsitsa mawu.

Ndisaname, mtima unandipweteka. Manyazi anandigwira, thukuta lili kamukamu. Debora anangondiyang'ana, ndipo kunali bwino akanandimenya.

Ndinatsegula kwa Bonifasi ndikupemphera chamumtima. Inu, zinatseguka! Munthuyo sanatseke, ankangodikira kuti ndimalize kuganiza. Holo inaoneka, nyimbo zili pakati, nthawi ya perekaniperekani. Talandira uyo, velo lili mbee, akumwetulira atanyamula lichero. A Faines anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Amayi pakhonde analuluta. Ine ndinapuma, ndinayambanso kudzimva udairekita.

Kenaka kamera inatembenuka.

A Festus! Jekete atamanga m'chiuno, ntchafu ya nkhuku ili m'dzanja, akuvina motsika mpaka pansi ndi mayi wina wa ku Ntchisi wa chitenje chofiira. Munthu amene chakudya sichinalowe uja. Chiuno chimenecho, abale, pa zaka zonse takhala limodzi m'bwalo la akulu a mpingo, sindinadziwe kuti ali nacho.



"Netiweki ikuvuta apa, tsekani," anatero a Festus.

Netiweki inali isanagwirepo bwino chotero chiyambire Chisepo.

"Tabwezerani," anatero a Faines. Ndinabwezera. "Bwezeraninso. Eya, imitsani pomwepo."

"Mayi, ndinkavinira kuti muchire," anatero a Festus.

A Faines anadzuka okha, osagwiridwa ndi munthu, nakhala tsonga kundiyang'ana ine.

"A Obadiya, za kutchalitchi mundipezere, ngakhale mugulitse njingayo. Koma izi zikusungidwa kuti?"

"Kwa Bonifasi, mayi."

"Zikhoza kufufutika?"

"Pokhapokha tikapanda kulipira."

"Musasinthe kampani imeneyi, imasunga bwino. Azilipira ndi bambo awa, mwezi ndi mwezi, mpaka Ambuye adzabwere."

Za kutchalitchi ndinaziwombola, njinga inapitadi. Mpaka lero ndili kwa Bonifasi, ndipo a Festus sanachedwepo kulipira ngakhale kamodzi. Moni wokha ndi umene anasiya kundipatsa.