Mwezi Wopitila ku Addis Ababa

Lolemba

Dalitso, mng'ono wanga amene amagwila ntchito ku Addis Ababa, waimba foni: "Akulu, tikiti ya ndege ndi imodzi, ndi yanu. Sankhani mwezi, mundiuze pofika Loweluka." Chaka chamawa abwelela kuno, ndiye mwayi ndi uno basi.

Zofunika kudziwa ndisanayankhe:
1. Mvula ya kumeneko imagwa liti?
2. Mzindawo uli pamwamba pa mapili, mpweya ndi wochepa. Chifuwa changa chikapilila?
3. Tchuthi cha sukulu: Epulo, Ogasiti kapena Disembala.
4. Munda wa ku Msanzala ndisiyila ndani?

Mphunzitsi wa jogalafe sangakwele ndege ngati akupita kumsika wa Nyimba.

Lachiwili

Ogasiti! Chimanga chili m'nkhokwe, mvula kulibe, sukulu yatseka. Nkhani yatha.

Masana ndifufuza pafoni. Ogasiti ndiye pakati pa dzinja lawo! Mvula tsiku ndi tsiku, matope, matalala. Ife tikudya fumbi, iwo akunyowa. Dziko lanji lotembenuka chonchi? Chondiwawa kwambili n'choti zimenezi ndimaphunzitsa ana a eni chaka ndi chaka.

Lachitatu

Epulo: akuti kamvula "nthawi zina kamagwa." Nthawi zina! Ambulela ndinyamule kapena ndisiye? Komanso ndi mwezi wokumba nshawa, mtedza wathu uja. Mkazi wanga, amake Tisa, osakweza n'komwe mutu: "Mukapita mu Epulo, nshawa mukadye za komweko."

Disembala: dzuwa, thambo loyela, koma usiku kuzizila koluma mafupa. Nanga feteleza wachiwili adzathila ndani kumunda? Mbuzi?

Lachinayi

Ndiyese chifuwa. M'mamawa ndikwela kaphili ka kuseli kwa sukulu. Ndisanafike pakati, ndikupuma ngati pampu ya njinga. Amai ena otola nkhuni aima n'kundiyang'ana mwachifundo: "Aphunzitsi, mwayamba mapemphelo a kuphili? Kunyumba kwavuta?"

Pofika madzulo komboni yonse ikudziwa kuti banja langa likugwedezeka. Amake Tisa sakundilankhula.

Lachisanu

Ulendo waukulu munthu samanga yekha, amafunsa akuluakulu. Ndalemba pa gulu la banja la pafoni. Ndadziputila!

Amalume: "Nthawi ya mvula ayi, ndege imateleleka."

Azakhali akufuna khofi, nsapato zachikopa ndi nsalu yoyela. Za mwezi, zii.

Alamu anga a Daka a ku Ndake, munthu amene ngakhale Lusaka sanaiwonepo: "Ngati aphunzitsi atangwanika, ine mwezi uliwonse ndilibe chochita."

Pa uthenga wa a Dakawo, Dalitso waikapo kachala kovomeleza. Kachala kameneko kakutanthauza chiyani?

Loweluka

Ndatumiza yankho lolongosoka: Disembala ngati mvula yathu iyamba msanga, apo ayi Epulo, pokhapokha nshawa zikachedwa kukhwima, koma Ogasiti tisamutayiletu.

Dalitso: "Akulu, mwezi umodzi chabe."

Mwana amene ndinkamukweza panjinga popita kusukulu, lelo azindilamula? Sindimuyankha. Adikile!

Masana ndili pa boma ku Petauke. Pa situdiyo ya zithunzi ndipeza a Daka atavala jekete pa dzuwa lonseli, nsalu yoyela kumbuyo, nkhope youma osamwetulila, ngati pa chithunzi cha pasipoti. "Tangojambulitsa chabe, alamu," akutelo. Munthu kuchoka ku Ndake konse kudzangojambulitsa chabe!

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Mwezi wabwino kulibe, ndavomela. Chifuwa chikachite chimene chikachite.

Ndalemba: "Dalitso, Ogasiti. Kaya kugwe matalala, ndikanyowa." Uthenga wapita, koma sanautsegule. Ndaimba, foni ingolila.

Amake Tisa ayambanso kundilankhula. Akuti a Daka atumiza mawu, akufunsa ngati sutikesi yanga yaikulu ili ndi mawilo onse.

Ndalembanso: "Mng'ono wanga, ndakupemphani, yankhani lelo lomwe. Alamu akuti abwela mawa kudzatenga sutikesi yanga."