Meshi ya Ulusi wa Masaka

Lolemba, 11 Ogasiti

Lero ndayamba ntchito yoyeretsa dzina langa. Ndatsegula kope latsopano. Zinthu zazikulu sizilembedwa kumbuyo kwa kope la jogalafe.

Ndilembe mlandu kaye, kuopa kuti ndingadzakalambe n'kuiwala.

Sondo ya Pasaka. Mervis, msuweni wanga, mwana wa azakhali, akuvina kutsogolo kwa mzere wa chopereka, mtanga uli m'manja. Meshi ili kumutu kwake ndaluka ndine. Akuwerama kuti atule mtanga, ndiye mzere wonse wakumbuyo wa meshiyo, tsitsi lochokera ku Lusaka, phwa! Mu mtanga, pamwamba pa mazira ndi nshawa. Tchalitchi chonse zii. Munthu woleredwa akadatola n'kukhala pansi. Koma Mervis akutembenuka, akundiloza ndi mlomo: "Musayang'ane ine, yang'anani woluka!"

Miyezi inayi sindinamuyankhule. Akandipatsa moni ndimayang'ana mtengo uliwonse umene uli pafupi. Mitengo ya m'mudzi muno ndaidziwa yonse.

Chowawa n'chakuti pansi pa mango wanga, pamene atsikana ankakhala pamzere, manje pamagona mbuzi. Anthu akukwera minibasi kukalukitsa ku Rufunsa. Otsalawo akakhala pampando amafunsa, "Koma ifika Sondo?"

Pulani:
1. Kupeza njira yomangira meshi yoti isagwe, kaya kuli mphepo, kaya chigubu pamutu, kaya kuvina kwa Mervis kokhala ngati walumidwa ndi linthumbu.
2. Kuiyesa pamutu panga.
3. Sondo kukhala benchi yachitatu, pamene aliyense angaone nkhongo yanga.
4. Mervis osamuyankhula.

Nambala 4 siivuta. Ndaizolowera.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Sayansi! Aphunzitsi athu ankati poyesa chinthu uzisintha chimodzi chimodzi. Ndaluka zingwe zitatu za khonje ngati mukule, mizere ya tsitsi yosokerapo meshi, ndazikhomera pa mpanda wa kuseri kwa nkhokwe, kumene mphepo ya Ogasiti imachita masewera ake. Pa chilichonse ndaikapo meshi yakale.

Choyamba: kotoni wakuda, wa masiku onse.
Chachiwiri: guluu womatira machubu a njinga ya achimwene.
Chachitatu: ulusi wosokera masaka a chimanga.

Amayi akudutsa ndi lichero: "Mpandawo ukukwatiwa liti?" Ine ndapitiriza ntchito yanga. Anthu ozindikira amasekedwa kwawo.

Masana, zotsatira.

Ya kotoni yapita ndi mbuzi. Theka ili m'mimba, theka ikulendewera kukamwa. Mbuziyo ikuoneka bwino kuposa anthu ena amene sinditchula.

Ya guluu yagwira, koma yagwiranso china chilichonse. Amayi amapeta chimanga chapafupi, ndiye mankhusu onse a m'lichero ali m'menemo, nthenga ziwiri, ndi chiwala chamoyo chimene chikundiyang'ana ngati ndine ndachiitana.

Ya ulusi wa masaka! Ndakoka ndi manja awiri. Ndakoloweka ndowa ya madzi. Chathyoka ndi mtengo wa mpanda, meshi ili phee.

Ndapeza. Ndadya mbatata ziwiri zootcha ndi mtima woyera.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Vuto la woluka: kumbuyo kwa mutu wake sakuona. Mukule wakutsogolo ndaluka ndekha pagalasi. Zotsala ndapempha Ba Agness, alamu anga, akazi a achimwene.

Ba Agness kuluka tsitsi sadziwa, koma masaka! Nyengo ino mudzi wonse umawaitana. Saka losoka iwo likhoza kugwa pa lole ku Manenekera n'kugubuduka mpaka pansi pa phiri, osataya njere imodzi. Ndiwo manja amene sayansi ikufuna.

Abwera ndi singano yawo yaikulu yokhota ija. Ndati ayi, tigwiritse yanga. Aiyang'ana ngati kachitsotso.

Andikhazika pansi, mutu wanga pakati pa mawondo awo. Ulusi ndaudetsa ndi polishi wa nsapato kuti usaoneke.

"Mulamu, ndikoke?"

Ndati kokani.

"Ndikokenso?"

Ndakumbukira mtanga wa Pasaka. Ndati kokani ngati chimanga chikupita ku depoti.

Akoka. Ndaona agogo anga amene anamwalira ndili giredi 4. Pomaliza mzere uliwonse akumanga mfundo zitatu, n'kumenyapo ndi chikhatho ngati mmene amachitira pa saka, pha pha. Sakudziwa kuti akutero. Ndawasiya.

Koma kukongola kwake! Yakuda bii, yofika m'mapewa, ikuwala. Ndagwedeza mutu, palibe chasuntha. Ndaima m'mbali mwa msewu waukulu kudikira malole a ku Chipata. Adutsa atatu ndi chimphepo chawo. Chitenje chinatsala pang'ono kundisiya, meshi osatekeseka.

Mutu ukugunda pang'ono. Ndi chimwemwe.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndadzuka, ndayang'ana pagalasi. M'galasimo mukundiyang'ana munthu wina.

Nsidze zakwera. Maso ali tong'o, ngati munthu amene wangouzidwa kuti wapambana njinga. Milomo yakokekera kumakutu, mano onse ali panja. Ndayesa kuchita tsinya, lija limathawitsa agalu. Palibe! Khungu lonse lochitira tsinya lapita kumbuyo, Ba Agness analisokera kumodzi.

Ndati zitha zokha. Ndanyamula chigubu chopanda madzi m'manja, ulendo ku mjigo kukaonetsa meshi.

Kumjigo kwadzaza. Amayi a kwaya anayi, ndi Mervis akupopa.

"Wauka bwanji, msuweni?" Amatero tsiku lililonse, mwadala, kuti anthu aone kuti wovuta ndine.

Ndafuna kutembenukira ku mtengo wa masuku uja wa masiku onse. Khosi lakana. Ndikangopotoloka pang'ono, nkhongo ikuyaka moto. Ndiye ndaima chilili, ndamuyang'ana Mervis m'maso, mano mbee.

Wasiya mjigo. Wagwira pamtima.

Ndati ndimutsonye kuti amvetse. Ndi milomo yokokeka chonchi, chatuluka ndi kaphokoso koitanira anapiye.

"Mayo, msuweni wanga wabwerera!" Wandikumbatira, tsitsi n'kukokeka, misozi yanga mbwee. Mayi wina wa kwaya: "Taonani, mpaka akulira!" Nthungululu. Wina wayambitsa nyimbo.

Ndabwerera kunyumba chigubu chili chopanda madzi.

Komabe ndilembe zoona. Awiri agwira meshi n'kufunsa kuti ndasoka ndi chiyani. Ndati ndi chinsinsi cha kampani.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Nkhani yafika mpaka ku Mpanshya, ndipo sinakwere minibasi.

Amayi akuyimba chiyambire m'mawa. Ati anapemphera miyezi inayi. Ndawauza kuti ndi ulusi. "Mulungu amagwiritsa ntchito chilichonse, mwanangu."

Azakhali afika ndi nkhuku yaikazi, yonenepa, miyendo yomanga. Ati ya chiyanjano. Ndinafuna kuikana. Koma ndaiyang'ana chidale chake, ndaona kuti nkhukuyo payokha sinandilakwire.

Mervis wabwera nawo, wakhala pamphasa yanga ngati analipo dzulo. Ndati basi, poti nkhope yandigulitsa, pakamwa pandiombole. Ndamuuza zonse zimene ndasunga chiyambire Pasaka:
kuti amavina ngati thumba la mphaka,
kuti mutu wake uli ngati chikwatu cha chinangwa, palibe meshi ingakhalepo mwamtendere,
kuti mlomo umene anandiloza nawo ukhoza kupachikidwapo jekete.

Aseka mpaka azakhali kutsamwa. "Eyaa, chisuweni chabwerera! Panyumba panazizira!"

Apa m'pamene ndazindikira tsoka langa. Msuweni sungamutukwane. Chilichonse ungamunene, anthu amati ndi nthabwala za pachisuweni, ndipo ukanyoza kwambiri amati mumakondana kwambiri. Chida changa chinali chimodzi chokha, kukhala chete. Ndachitaya kumjigo.

Mervis wabweza: "Iwe nkhope yako ili ngati mbuzi yowamba." Ndipo ine ndikumwetulira. Ndingatani?

Madzulo Ba Katekisiti aima ndi njinga pa mpanda wothyoka uja. Ati nkhani yathu yawakhudza. Sondo ine ndi Mervis tinyamule mtanga wa chopereka limodzi, anthu aphunzirepo. Ndati, "Ba Katekisiti, ine ndikadali wokwiya." Ayang'ana mano anga. "Ukwiye choncho masiku onse, mwana wanga."

Nkhuku inakoma. Kutafuna kumakoka m'makutu, koma ndalimbikira.

Loweruka, 16 Ogasiti

Mmene zinthu zilili:
Meshi: ili bwino kwambiri, ngati yasokedwa lero.
Mutu: ngati muli chigayo.
M'mphepete mwa tsitsi: tiziphuphu mzere, ngati nyemba zobzala.
Pilo: wakuda ndi polishi.
Chigubu pamutu: ndayesa. Nkhata itangokhudza, ndatchula dzina la Amayi lachibwana, limene sindiloledwa kutchula.

Meshiyi ichoke. Sayansi yamva.

Ba Agness kulibe, apita ndi chimanga ku depoti, ali pamzere mpaka Lolemba. Amayi abwera ndi sizasi, maso awo aja osaona ulusi pa singano, akufunsa, "Ili ndi khutu kapena mfundo?" Ndathawa.

Ndakhala pansi pa mango, pamodzi ndi mbuzi, ndikumwetulira ndi ululu.

Mervis uyo, beseni la madzi ofunda pamutu, botolo la mafuta ndi kalezala m'manja. Sanafunse. Wandikhazika pakati pa mawondo ake, wanyika nsalu, wayamba kundithowa m'mizere. Aaa! Ngati mvula yoyamba.

Ndafunsa kuti waphunzira kuti zimenezi.

"Kwa iwe. Aliyense woluka kwa iwe amadziwa. Tikachoka pano timathamangira kunyumba kukanyika mutu m'madzi ofunda, kupaka mafuta, n'kumasula kotoni pang'ono ndi singano kuti tione tulo."

Ndati ndani ndi ndani.

"Kwaya yonse. Ukaluka iwe, munthu amayamba kuona za kumbuyo osatembenuka. Ya Pasaka ija ndinamasula ndekha, ndinapitirira muyeso. Sinagwe chifukwa unamanga mofooka. Unamanga ngati ukumanga ng'ombe."

Miyezi inayi! Ine kufunafuna ulusi wolimba, pamene anthu amakamasula kunyumba!

Ndati nanga bwanji osandiuza.

"Akuuze ndani, ndi pakamwa pakopo?"

Ndati nanga kundiloza m'tchalitchi?

Wadula mfundo ina. Kenako: "Manyazi, iwe. Tsitsi lili pa mazira, Abambo ansembe akundiyang'ana. Ndinalakwa." Wanena motsitsa, mbuzi zokha ndizo mboni. Kundiloza anandiloza pa anthu mazana. Ndalemba kusiyanako.

Maola atatu. Mfundo iliyonse ikaduka, chidutswa cha nkhope yanga chikubwerera kwawo. Meshi yatuluka yathunthu, yosaonongeka, ikhoza kusokedwanso mawa. Tsitsi langa lakutsogolo latsagana nayo pang'ono.

Sondo, 17 Ogasiti

Chitambala kumutu, chomanga mpaka pa nsidze, ngati mayi wa ana asanu ndi awiri. Nkhongo imene ndinati anthu aione, ili m'nsalu.

Pagalasi ndayesa tsinya. Labwerera lonse, lakuthwa ngati kale. Ndapita nalo ku tchalitchi.

Palibe waliona. Tanyamula mtanga, iye khutu ili, ine ili. Mervis akuvina, mtanga ukupendama, ine ndikumuyang'ana ndi tsinya langa lonse. Kumbuyo ndikumva, "Taonani mmene wadzichepetsera, mpaka nkhope ya pemphero." Potula tawerama tonse. Mervis wagwira kumutu kwake ndi dzanja limodzi, wandiyang'ana cham'mbali. Ndaluma mlomo. Sindinaseke. Mapewa okha ndiwo anagwedezeka.

Potuluka, amayi atatu a kwaya andizungulira. Mervis wawauza kale kuti manje ndiziluka mofewa. Ine sindinanene zimenezo. Wina ati Lachitatu, wina Lachisanu. "Koma osati ya masaka." Ndati ya masaka ndi ya anthu olimba mtima.

Zimene sabata ino yandiphunzitsa:
1. Meshi imakhalitsa ngati mwini mutu akugona tulo.
2. Kotoni wamba, mfundo imodzi, ndi kufunsa munthu ngati zikuwawa. Kufunsako ndiyesetsa.
3. Ba Agness asayandikirenso mutu wa munthu.

Meshi ija Amayi aipachika pamtengo ku dimba. Ati chiyambire m'mawa palibe mbalame yatera pa repu. Ndiye kuti ntchito yanga yagwira, kungoti yapeza kasitomala wina.

Mervis abwera Lachiwiri kudzalukitsa, ati akhale woyamba, anthu aone. Ndimuluka bwino, mofewa, ifike mpaka Okutobala, chifukwa dzina lili pamutu pakepo ndi langa.

Kukhululuka sindinamukhululukire. Kungoti nkhuku tinadya, mtanga tanyamula, ndipo kuti ndiyambirenso kuyang'ana mitengo pafunika chifukwa chatsopano. Ndi Mervis ameneyu. Sachedwa.